Mtovu wa ku Kabwe suchoka m'dothi

Izi zimene zimanenedwa zoti anthufe tasiya zipsera m'nthaka ndi m'miyala zimene zidzaonekabe patapita zaka mamiliyoni ndi zoona abale, ndipo sitifunika kupita kutali kuti tione. Pitani pa Kabwe apa. Mu mgodi wa mtovu (lead) wa m'tauniyi ndi mmene anapeza chigaza cha munthu wakalekale mu 1921, chakhala zaka pafupifupi 300,000, ndiye taganizani pafupifupi nthawi yonseyo anthu amangosaka nyama, kusema miyala, kuotha moto, nthaka ili bwinobwino. Koma mgodi wa mtovuwo sunakwanitse ndi zaka 100 zomwe, anautseka mu 1994, mpaka lero ana a m'makomboni a ku Kabwe a Chowa ndi Kasanda akusewerabe pa fumbi la poizoni, ndipo mtovu suwola ayi, umangokhala m'dothi momwemo nkumalowa m'magazi a ana. Zimandiwawa kwambiri.

Nanga kuno ku Lusaka? Tauni yakhala pa mwala wa laimu wa mphakomphako, zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimalowa msanga m'zitsime za ku Kanyama, mapulasitiki atseka ngalande zonse, ku Chunga mulu wa zinyalala ukungokulirakulira. Mu 2024 madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba magetsi amathima pafupifupi tsiku lonse ndiye tonse tinathamangira makala, malole odzaza matumba kulowa mu tauni usiku ndi usana, mitengo nkumatha kumidzi uko. Wootcha makala sindimunena, alibe pogwira. Koma gasi atangotsika mtengo ine mbaula ndingaisiye mawa lomwe.