Wolandira madandaulo athu asamaope amene tikuwadandaula

Abale anga a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize, ndi angati mwa ife amene akudziwa kuti dziko lathu la Mozambique lili ndi mkulu amene ntchito yake ndi kulandira madandaulo athu boma likatilakwira? Amatchedwa Provedor de Justiça, ndipo likulu lake lili ku Maputo, mtunda wopitirira makilomita 1,500 kuchokera mumzinda wa Tete. Palinso bungwe loona za ufulu wa anthu la CNDH. Maofesi awiriwa ine ndimawafuna ndi mtima wonse, n'chifukwa chake zimandiwawa kuona momwe boma lawagwirira pakhosi.

Tikamva kuti boma likupanikiza ofesi yotere timaganiza za mafoni a usiku ndi kuopsezana. Koma zimene zili poyera n'zokwanira kale. Udindowu unalembedwa m'malamulo aakulu a dziko a 2004, koma mpando unakhala wopanda munthu mpaka 2012. Woyamba kukhalapo anali a José Abudo, omwe anakhalapo nduna ya zachilungamo m'boma la a Chissano. Mu 2018 kunalowa a Isaque Chande, omwe anachokera pa unduna womwewo m'boma la a Nyusi. Sindikunyoza akuluakuluwa ayi, malamulo amawadziwa bwino. Koma munthu amene dzulo ankadyera limodzi ndi nduna zinzake, lero mukumuuza kuti akavundukule zonunkha za m'maunduna awo. Ngakhale atakhala wolimba mtima chotani, mwamusenzetsa katundu wosayenera.

Lamulo likuti asankhidwe ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu, kuti zipani zimvane pa munthu wosakondera. Pa mipando 250 pamafunika 167. Mu 2012 Frelimo inali ndi 191, ndipo pano ili ndi 171. Chipani chikakhala ndi chiwerengero chotere, chifunsenso ndani? Ndalama zoyendetsera ofesiyo nazo zimachokera m'thumba la boma lomwelo. Mbuzi imafika pomwe chingwe chathera, ndipo chingwechi chili m'manja mwa anthu omwe tikuwadandaulawo.

Chimene chimandiwawa koposa ndi ichi. Provedor alibe mphamvu yolamula. Amafufuza, kenako n'kulemba malangizo kuti chakuti chikonzedwe. Bwana wa ofesi akafuna, amangoika kalatayo m'kabati n'kukhala duu. Chaka ndi chaka Provedor amakapereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mwini wake wakhala akudandaula kuti nthambi zina za boma sizimuyankha. Kusayankhako ndiko kupanikiza kwenikweni, chifukwa kumaphunzitsa wodandaula kuti anangotaya nthawi, ndipo mawa sabweranso.

Ife a ku Tete tikudziwa zimene zimachitika anthu akasowa kokadandaula. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja opitirira 1,300 anasamutsidwa kuti kampani ya migodi ya Vale ikumbe malasha ku Moatize. Ambiri anapititsidwa ku Cateme, kutali ndi msika, kunthaka yamiyala, m'nyumba zomwe sizinachedwe kung'aluka. Analankhula mpaka kutopa. Mu Januwale 2012 anakakhala panjanji kuti sitima ya malasha isadutse, ndipo amene anabwera kudzawayankha anali apolisi okhala ndi zibonga. Mwezi umenewo mpando wa Provedor unali udakali wopanda munthu. Kumbukiraninso 2015 ndi 2016, pamene abale athu zikwizikwi anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi, akunena kuti asilikali awatenthera nyumba ndi nkhokwe, boma likukana. Ndipo zionetsero zomwe zinatsatira chisankho cha Okutobala 2024 zinasiya maliro opitirira 300 m'dziko muno, malinga ndi mabungwe omwe si aboma. Mayi amene mwana wake anaomberedwa akadandaule kwa ndani? Kwa amene anagwira mfuti?

Osati nkhani zamagazi zokha. Pafupi ndi kwathu pali mphunzitsi wina wa pulayimale amene amasunga mapepala ake m'jumbo lakuda pansi pa matiresi, pepala lililonse lili ndi chidindo, onse okhudza ndalama za maola owonjezera zomwe sanalandire. Nditamuuza kuti alembere Provedor, anapukusa mutu n'kunena motsitsa mawu kuti: "Achimwene, kalatayo ikafika ku Maputo aibweza kwa bwana wanga yemweyu kuti ayankhe. Mukufuna andisamutsire ku Zumbo? Ana anga adya chiyani?" Mantha amenewa sanawatole pamsewu. Iye waona kuti ofesi yomwe ikanamuteteza nayonso imayenda mosamala, ndiye iye ndani kuti atukule mutu?

Nanga agogo a ku Domwe kapena ku Furancungo omwe alandidwa dimba, Chipwitikizi sadziwa, ndalama ya minibasi (chapa) alibe? Kwa iwo nkhani imathera kwa mfumu ndi kwa chefe do posto, mkulu wa boma wa m'deralo. Awiriwo akamvana, basi, dimba lapita.

Pali ena adzalemba m'munsimu kuti ndikuchita ndale. Sindikunenera chipani chilichonse. Mu 1993 bungwe la United Nations linavomereza mfundo za ku Paris, zomwe zimati mabungwe oteteza ufulu wa anthu akhale oima paokha ndiponso azipatsidwa ndalama zokwanira kuti boma lisawalamulire kudzera m'thumba. Zimenezo n'zimene ndikupempha. Chipani cholamula lero chikhoza kudzakhala chotsutsa mawa, ndipo anthu ake adzaifuna ofesi yomweyi.

Kwa ine, munthu asamachoke pampando wa unduna n'kulunjika pampando wa Provedor. Maina a ofuna udindowu azilengezedwa, mipingo, maloya ndi mabungwe anenepo maganizo awo chisankho chisanachitike. Ndipo bwana aliyense amene wanyalanyaza kalata ya Provedor aziitanidwa ku Nyumba ya Malamulo, dzina lake litchulidwe poyera, afotokoze chifukwa chake. Atangoitanidwa awiri kapena atatu, enawo ayamba kutsegula makabati. Tikufunanso antchito a ofesiyi azifika ku Ulongué, ku Zóbuè ndi ku Fingoè pamasiku odziwika, akhale pansi pa mtengo ndi anthu, amve nkhani m'Chichewa ndi m'Chinyungwe, bwana wodandaulidwayo palibe.

Inu aphungu ochokera kuno ku Tete, a chipani chilichonse, lipoti la Provedor likadzabweranso musadzangoomba m'manja. Mudzafunse kuti madandaulo ochokera m'chigawo chathu ndi angati, oyankhidwa ndi angati, ndipo akukana kuyankhawo ndi ndani. Mukatero mubwere mudzatiuze pawayilesi zathu za m'madera, m'chilankhulo chomwe munatipemphera mavoti.