Mitengo ili kwathu, matabwa ali ku Dedza

Abale anga a ku Malawi, musafulumire kuomba m'manja, nkhaniyi ndikuilemba mtima ukuwawa. Mayi akunyumba akhala akundikumbutsa kuyambira nthawi yokolola kuti ndiwakhomere mashelefu atatu kukhitchini, mapoto ndi mbale zichoke pansi. Atatu basi. Ndinati imeneyo ndi ntchito ya Loweruka limodzi, pajatu ife a ku Tete ndi eni nkhalango.

Ndinazungulira Ulongue yense. Pamalo oyamba ndinapeza mlombwa, umene pa Chipwitikizi timati umbila, koma mtengo wake ngati ndikugula ng'ombe. Pachiwiri, matabwa analipo otsikirako, koma ocheka ndi makina a m'manja kuthengo: mbali iyi masentimita 3, mbali inayo 2, pakati pali mafunde ngati msewu wa dzinja. Nditalinyamula limodzi, kulemera kwake ngati mwala, ndipo likuzizira m'manja. Laliwisi. Ndinafunsa mwini wake kuti achimwene, limeneli mwadula liti? Iye, osachita ndi manyazi omwe, akuti "Likaumira kwanu, bambo." Likaumira kwathu! Ndilipire ndalama ya thabwa louma, kenako ndikalilere ngati mwana miyezi itatu.

Mlamu wanga ndi amene anati tiyeni tikaone kutsidya. Tinadutsa pachipata cha Calomue, mpaka pa Dedza. Anthu inu, ndinachita manyazi. Paini wosanjidwa bwinobwino, timitengo pakati pa mizere kuti mphepo izipita, thabwa lililonse lofanana ndi linzake. Ukanena kuti sikisi bayi wani, mnyamata amasolola sikisi bayi wani, osati chinthu choti kalipentala akachipale mpaka theka lithere m'zipalo. Zoyeza zawo za mainchesi ndi mafiti zimatizunguza ife ozolowera mamita, koma inchi ndi masentimita 2.5, ukagwira pamenepo watha. Anandilola kusankha ndekha: kuligogoda ndi chala kuti ndimve ngati likulira mopepuka, kutsinzina diso limodzi n'kuliyang'ana m'mphepete ngati lili lowongoka, kusiya lokhala ndi mfundo zakuda zija zimene zimagwa n'kusiya bowo. Mtengo nawo sunandipweteke. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu wa meticais akalowa mumsika wa kutsidya amayenda ngati mfumu, ngakhale kuti nawonso amakweza zinthu tsiku ndi tsiku.

Chondiwawa n'chakuti mitengo yeniyeni ili kwathu. Mlombwa, msambamfumu umene timati chanfuta, tsanya wa kuchigwa cha Zambezi, zonsezi zili m'chigawo chino. Koma imani pamsewu wochoka ku Tete kupita ku Beira muwerenge malole. Zabwino zonse zimakwera sitima kupita ku China, ife n'kutsala ndi makungwa. Boma lathu la Mozambique linaletsa kutumiza kunja zipika zosacheka kuyambira 2017, chaka chotsatira linaletsanso kudula mitengo ya nkula, koma thabwa labwino silinafikebe kwa munthu wamba wofuna poika mapoto. Anzathu a ku Malawi analibe mwayi wa nkhalango ngati zathu, ndiye anabzala. Chikangawa yokha inali ndi mahekitala oposa 50,000 a paini, wobzalidwa kwambiri m'ma 1960 poganiza zomanga fakitale ya mapepala imene siinamangidwe. Onjezani wa pa Zomba ndi wa paphiri la Dedza. Mtengo wobzala m'mizere umatulutsa thabwa la mzere. Pamenepo ndavula chipewa.

Koma chipewacho ndikuvalanso. Paini ndi paini. Ndi mtengo wa nsima, wofewa, ukaukanda ndi chikhadabo umalemba. Chiswe cha kuno ku Angonia chikaununkhiza chimaitana ndi achibale a ku Tsangano omwe. Shelefu yoyamba ndinaikhoma yotalika mita imodzi ndi theka, zogwirira kumapeto kokha, mayi n'kuikapo mphika wachitsulo ndi ndowa ya ufa. Sabata ziwiri, yawerama pakati ngati msana wa gogo. Ndinachita kumasula n'kuwonjezera chogwirira pa masentimita 60 alionse, kupaka mankhwala a chiswe, kenako vanishi kawiri. Ukawerengera mankhwalawo, vanishi, ulendo ndi zolipira pachipata, kutchipa kuja kumayamba kuchepa.

Pamene m'nyumba ya malemu agogo ku Domue muli kabati ya mlombwa yomwe inaona nkhondo yonse. Anthu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, nyumba inakhala yopanda munthu mpaka mtendere wa 1992, denga linadontha, koma pobwerera anaipeza ili chilili, zitseko zikutsekeka. Mlombwa sufupika kwambiri pouma, ndipo chiswe chimaulambalala. Ndiuzeni paini wa ku Chikangawa amene angapirire zimenezo.

Ndiponso a Malawi musanyade kwambiri. Chikangawa mwaimeta, moto chaka ndi chaka, ndipo amene anaiona kale akaiona lero amagwira pakamwa. Mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lanu, munautha. Makalipentala anu akafuna chitseko cholimba amayang'ana kuno, ndipo makala amene amaoloka malire panjinga mukudziwa kumene amachokera. Za ku Zambia sindinena zambiri: amene amadutsa pa Cassacatiza amati paini wa ku Copperbelt ndi wabwino, koma ndani angapite ku Katete chifukwa cha mashelefu atatu?

Bulugamu ndiye ali mbali zonse ziwiri, ndipo konse amang'aluka mofanana ukamukhoma msomali osayamba waboola.

Shelefu yachitatu sindinaikhome ndi paini. Kalipentala wina wachikulire kuseri kwa msika anandigulitsa zidutswa za mlombwa zotsala pa zitseko, zouma kale, zazifupi koma zokwana. Anandipalira pomwepo, fungo lake lokoma lija n'kudzaza shedi yonse. Nditamuuza kuti awiri enawo ndinakagula ku Dedza, anangoseka n'kunena kuti, "Mudzabweranso, mwana wanga, chiswe chikadya." Mayi aika mbale zagalasi pa ya mlombwayo. Zapulasitiki zili pa ya a Malawi.