Chenjezo: lekani kuyesera nzeru za pa WhatsApp pa mwana wa autism

Makolo anzanga, ndi inunso agogo, azakhali ndi amalume amene mumathamangira kulangiza za mwana amene simugona naye nyumba imodzi, tamverani. Khalidwe labukali landinyansa. Mwana akachedwa kulankhula, akamazemba kuyang'ana anthu m'maso, akamatseka makutu chigayo chikalira, basi aliyense wasanduka dokotala. Uyu akuti mumuletse mkaka. Uyo akuti mandasi ndi buledi ndiye zikumusokoneza mutu. Wina watumiza kavidiyo ka munthu wovala zoyera akutsatsa botolo "lotsuka m'mimba". Mayi wa mwana, wotopa kale ndi kusowa tulo, akungoti chabwino, tiyese.

Mukuyesera pa yani? Pa mwana amene sangathe n'kukuuzani kuti apa pakupweteka?

Autism si matenda obwera ndi nsima ya dzulo. Ndi mmene ubongo wa mwana unakulira, ndipo mbali yaikulu imayenda m'magazi a kumtundu, monga kafukufuku wa ana amapasa wasonyezera mobwerezabwereza. Mu 2023 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linkanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali nayo. Zina zimene zimawonjezera mpata zilipo: kubadwa masiku asanakwane, makolo kubereka atakula kwambiri, mayi kudwala rubella (matenda ofanana ndi chikuku) ali woyembekezera, komanso mankhwala a khunyu otchedwa sodium valproate akamwedwa pa nthawi ya mimba. Pomwepa ndichenjeze, chifukwa ndikudziwa ena amva theka n'kuthamanga: mayi wa khunyu asasiye mankhwala payekha. Kugwa ali ndi pakati n'koopsa kwa iye ndi kwa mwana. Apite akakambirane ndi adokotala, makamaka mimba isanabwere.

Tsono nkhani ya chakudya ndiyo yandikhalitsa pansi kuti ndilembe. Ku America ndi ku Ulaya kunatchuka zoti mwana wa autism amuchotsere tirigu ndi mkaka. Akatswiri ayesa njirayi kangapo, umboni wokwanira woti imachotsa autism sanaupeze, moti ku Britain malangizo a madokotala amati isagwiritsidwe ntchito pofuna kuchiza autism. Nanga kwathu kuno, kumene ana ambiri ndi opinimbira kale? Mwana wotereyu nthawi zambiri amasankha zakudya koopsa. Mumupatse phala lomwelo koma m'mbale ina, akana. Nsima ikakhala ndi kachibuluma kamodzi, walavula. Mwina zimene amalola kulowa m'kamwa ndi zitatu zokha, phala, nthochi ndi tiyi wamkaka, ndiye inu azakhali mwabwera kudzachotsapo mkakawo. Mafupa ake alimba ndi chiyani?

Sindikunena kuti mimba ilibe nawo mbali. Ana ambiri a autism amavutika ndi kudzimbidwa, ena kutsekula m'mimba. Mwana amene sanachite chimbudzi masiku angapo, kapena dzino lamubowokera, kapena khutu likutuluka mafinya, ndipo alibe mawu oti anenere, amadzimenyetsa mutu kukhoma, amaluma, amakuwa usiku wonse. Inu mumati mwano, mwatenga chikoti. Ena mumamumangirira pamtengo, kapena kumutsekera m'chipinda alendo akabwera. Manyazi akugwireni! Ululuwo ukachizidwa mwana amakhazikika, koma chachira ndi mimba kapena dzino, autism ili pomwepo.

Ziwengo nazonso n'zenizeni ndipo sizibisala. Mwana akadya mtedza, dzira kapena nsomba n'kutupa milomo, kutuluka zidzolo zoyabwa, kusanza kapena kubanika, chakudyacho chiimitseni, ndipo akabanika thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Koma kungolota kuti mwana wapsa mtima lero chifukwa anadya dzira Lachiwiri, n'kumuletsa mazira chaka chonse, kumeneko n'kumulanga ndi njala.

Za katemera ndiye mundimvetsetse. Bodza loti katemera amayambitsa autism lili ndi mwini wake. Mu 1998 dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, analemba m'magazini ya The Lancet zoloza kuti katemera wa chikuku wa MMR akukhudzana ndi autism, atangoona ana 12 okha. Zitafufuzidwa zinapezeka zachinyengo. Mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo, iyenso analandidwa chiphaso cha udokotala. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000, zotsatira zinatuluka mu 2019, kugwirizana kulikonse pakati pa katemerayu ndi autism sikunapezeke. Chimene chimasokoneza makolo n'chakuti zizindikiro za autism zimayamba kuoneka pa msinkhu womwewo mwana akupita kusikelo kukabayitsa. Pamene chikuku tinachiona ndi maso athu kuno ku Malawi mu 2010, anthu oposa 100,000 anadwala, ndipo tinaika maliro a ana.

Mabotolo ogulitsidwa pa Facebook aja ndiye musawayandikire n'komwe. Kuli madzi ena otchedwa MMS amene amatsatsidwa ngati mankhwala a autism, chonsecho ndi mankhwala oyeretsera zinthu, a gulu la bulitchi, ndipo bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA ku America linachenjeza kuti amasanzitsa, kutsekula m'mimba ndi kuwononga chiwindi. Mu 2005, ku Pennsylvania, mnyamata wa zaka 5 anamwalira akumupatsa mankhwala oti "achotse zitsulo m'magazi". Safunsa anadya phula, koma apa wodya phulayo ndi mwana wosalakwa.

Ndipo lekani kuloza mayi chala kuti anadya zolakwika ali ndi pakati, kapena bambo kuti anakhwimira mwana kuti geni iyende. Mabanja akutha ndi miseche yotereyi.

Tengani buku la mwanayo lakuchipatala, mupite naye kuchipatalako. Mukawauze adokotala zonse: anayamba liti, amadya chiyani, chimbudzi amachita kangati, amagona bwanji, amakomoka kapena kungoti duu kwa kanthawi, chifukwa khunyu imapezeka kawirikawiri mwa ana a autism. Mupemphe amuyeze makutu, popeza mwana wosamva amachedwanso kulankhula. Ngati anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo, musabise, pakuti kafukufuku wa ku Blantyre anasonyeza kuti ena opulumuka malungo a muubongo amatsala ndi khunyu kapena kusakhazikika. Chakudya chatsopano muzimuyambitsa pang'onopang'ono, nsinjiro kapena usipa wosinja m'phala lomwe amalikondalo, m'mbale yake yomwe ija, osamukakamiza.