Kufufuza makolo ku Norham: England, Scotland ndi Ireland sasunga mofanana ayi

Mwana wanga wamkazi anabwera ndi homuweki yoti alembe mndandanda wa makolo ake, ndiye mbali yanga sinavute, ndinangoimbira amayi pa WhatsApp ndipo pasanathe mphindi 20 anali atatchula agogo, amayi awo a agogo, amalume onse ndi mudzi umene mbumba yathu inachokera ku Dedza. Mbali ya abambo ake ndi imene inavuta. Amuna anga ndi akonkuno ku England, ndipo apongozi anga ankangodziwa zoti makolo awo anali antchito a m'mafamu ku Norham, basi. Homuweki inatha kalekale koma ine ndinapitiriza, pano ndi chaka chachiwiri, ndiye ndati ndilembeko poti tilipo ambiri amene ana athu ali ndi magazi a mbali ziwiri.

Norham ndi parishi ya kumudzi ku Northumberland, kumpoto kwa England, m'mbali mwa mtsinje wa Tweed. Ukachoka pa tchalitchi cha St Cuthbert n'kuyenda pang'ono ufika pa mlatho, ukawoloka uli ku Ladykirk, Scotland imeneyo. Anthu ake ankakwatirana ndi kugwira ntchito mbali zonse ziwiri ngati mmene zilili a ku Mchinji ndi a ku Chipata, koma mapepala awo analembedwa ndi malamulo awiri osiyana, ndipo kusiyanako ukuona ndi maso ukamafufuza banja limodzi lomwelo.

Ku England zonse zimayambira pa kaundula wa parishi. Mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya mfumu Henry VIII, analamula kuti parishi iliyonse izilemba ubatizo, ukwati ndi maliro, kenako cha m'ma 1598 akuluakulu a mpingo anati chaka chilichonse kope lizipita kwa bishopu, awa ndi amene amawatcha Bishop's Transcripts ndipo amapulumutsa kwambiri buku lenileni likakhala linanyowa kapena kudyedwa ndi mbewa. Kuyambira 1754 ukwati unayamba kulembedwa m'buku lakelake, mkwati, mkwatibwi ndi mboni akusainira kapena kuika X, ndipo kuyambira 1813 mafomu a ubatizo anayamba kuonetsa ntchito ya bambo ndi kumene banja likukhala. Boma linadzayamba kalembera wake wa obadwa, okwatirana ndi omwalira pa 1 Julaye 1837. Kalembera wa anthu woyamba wokhala ndi mayina a aliyense ndi wa 1841, koma ameneyo zaka za akuluakulu ankazitsitsa kuti zithere pa 5 kapena 0, ndiye wa 1851 ndi amene ndimamudalira chifukwa amatchula parishi yomwe munthu anabadwira.

Zikumveka zambiri eti? Koma vuto lake, mapepala a ku England amataya azimayi. Ubatizo wakale umangoti mwana wa uje ndi mkazi wake Mary, osanena kuti Mary ameneyo ndi wa kwa ndani. Satifiketi ya kubadwa yokha ndi imene imatchula dzina la kwawo kwa mayi. Ya ukwati inkatchula abambo okhaokha a mkwati ndi mkwatibwi, ndipo zimenezi zasintha dzana lomweli mu Meyi 2021, tangoganizani. Ya imfa ya munthu wamkulu ndiye sitchula makolo n'komwe. Kwa ine wokulira kumene mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo nkhani zonse zimadzera kwa amalume, zimenezi zimandipweteka mtima ndithu, mzimayi wabereka ana 9 koma pa pepala wangotsala dzina loyamba.

Ukawoloka Tweed zinthu zimasintha. Scotland inachedwa, kalembera wa boma anayamba pa 1 Januwale 1855, koma atayamba anayamba mwamphamvu. Satifiketi ya imfa imatchula bambo ndi mayi a womwalirayo, ndi dzina la kwawo kwa mayiyo. Ya ukwati imatchula makolo onse anayi. Ya kubadwa imanena tsiku ndi malo amene makolo anakwatirana (kupatula za 1856 mpaka 1860), ndipo ya chaka cha 1855 chenichenicho inawonjeza zaka za makolo, kumene anabadwira ndi ana ena amene anali nawo kale. Ine mwayi wanga unali woti gogo mmodzi wa apongozi anga anakakalambira kwa mwana wake kutsidya n'kumwalira komweko, pepala limodzi lomwelo linandipatsa dzina la amayi ake lomwe ndinalisowa miyezi 6 mbali ya England. Akanamwalira tsidya lino la England ndikanapeza zaka zake ndi matenda amene anamupha, basi.

Koma musafulumire kuti Scotland yapambana zonse. Ukabwerera kuseri kwa 1855 mabuku a maparishi awo ndi osadalirika, ngakhale lakale kwambiri ndi la ku Errol la 1553, maparishi ambiri makamaka a kumapiri anayamba mochedwa, maliro ambiri sankalemba, ndipo mpingo utagawanika mu 1843 anthu ochuluka anapita ku Free Church, mpingo womwewu umene unadzatumiza amishoni a Livingstonia kwathu mu 1875, ndiye ana awo sapezekanso m'buku la parishi. Pa zaka za m'ma 1700 England imakhala bwinoko.

Ndipo Norham ili ndi mwayi wina wapadera. Inali pansi pa dayosizi ya Durham, ndipo bishopu Shute Barrington analamula kuti kuyambira 1798 mpaka 1812 ubatizo uzilembedwa mwatsatanetsatane, dzina la kwawo kwa mayi, parishi imene makolo anachokera, ngakhale kuti mwanayo ndi wachingati m'banjamo. Zaka 15 zokha, koma ukapeza mwana mmodzi wa banja lanu m'zaka zimenezo watsegula khomo la mbali ya akuchikazi. Chenjezo ndi loti mpaka 1844 Norham inkawerengedwa ngati chigawo cha County Durham ngakhale ili kutali ndi Durham, ndiye posaka pa intaneti osamangosankha Northumberland yokha.

China chimene chinandizunguza ndi kusamukasamuka. Antchito a m'mafamu akumeneku, ankawatcha ma hind, ankalembedwa ntchito ya chaka chimodzi ngati matenanti a m'maesiteti a fodya, ikafika Meyi amanyamula katundu pa ngolo kupita famu ina, ndipo aliyense ankayenera kubweretsa mzimayi wogwira ntchito ya kumunda wotchedwa bondager, kaya mwana wake kaya wolembedwa. Ndiye mwana woyamba wabatizidwa parishi iyi, wachiwiri kutsidya, wachitatu ku tchalitchi cha Presbyterian poti ambiri kumpoto kwa Northumberland sanali a Anglican. Ukwati ukasowa m'mabuku onse, ganizirani za pamalire. Lamulo la ukwati la ku England la 1754 lija silinkagwira ku Scotland, ndiye anthu ankangowoloka kukakwatirana pa mlatho wa Coldstream kapena ku Lamberton Toll, osati ku Gretna Green kokha kumene kumatchuka, ndipo mabuku a maukwati amenewo si onse anasungika.

Pamene England imandisangalatsa kwambiri ndi pa zimene amati parish chest, mapepala a m'bokosi la tchalitchi. Chifukwa cha lamulo la 1662, munthu wosauka ankathandizidwa ndi parishi yake yokha, ndiye akavutika ankamufunsa pamaso pa majisitireti kumene anabadwira, amene anawagwirira ntchito, malipiro ake, kumene anakwatira, zonse n'kulemba. Olemera ali ndi mawilo (makalata onena za kagawidwe ka chuma chawo akamwalira), osauka ali ndi mapepala amenewa, ndipo ndi pokhapo pamene umamva ngati munthuyo akuyankhula yekha. Si parishi iliyonse inawasunga, koma funsani. Palinso mapu a chakhumi ochokera pa lamulo la 1836, osonyeza munda uliwonse, mwini wake ndi amene akulimamo. Ku Scotland chofanana nacho ndi mabuku a kirk session, bwalo la akulu ampingo, ife a CCAP tikulidziwa bwino, mmene muli milandu ya mimba za pathengo ndi mayina a osauka olandira thandizo.

Kasungidwe ndiye kosiyana zedi. Scotland inasonkhanitsa mabuku akale a maparishi ku Edinburgh, ndipo lero zonse zili pa webusaiti imodzi ya boma, ScotlandsPeople, kusaka ndi ulere, umalipira ukafuna kuona chithunzi cha satifiketi. England ndi yomwazikana. Za Norham zokha, mabuku a parishi ali ku Northumberland Archives ku Woodhorn, zina ku Berwick, makope a bishopu ndi mawilo a kuseri kwa 1858 ali ku laibulale ya Durham University, satifiketi umaitanitsa ku GRO (ofesi ya boma yosunga kalembera wa obadwa, okwatirana ndi omwalira), kalembera wa 1921 anatulukira pa Findmypast, ndiye poyamba bola kuyambira pa zaulere monga FreeBMD, FreeREG ndi FamilySearch.

Poyamba ndinkati njira ya Scotland ndiye yanzeru, mpaka nditakumana ndi Ireland. M'kalembera wa 1851 munali kholo lina lolembedwa kuti anabadwira ku Ireland, osatchula dera. Iwowo anasonkhanitsanso mapepala malo amodzi ku Dublin, ndipo pa 30 Juni 1922, nkhondo yapachiweniweni itayamba, Public Record Office ya ku Four Courts inapsa. Makalembera a 1821 mpaka 1851 anapita pafupifupi onse, pamodzi ndi mabuku a maparishi a Church of Ireland pafupifupi 1,000. A Katolika anapulumuka poti anali akadali m'maparishi mwawo. Zotsalazo aku Ireland anaziika pa intaneti mwaulere, kalembera wa 1901 ndi 1911, mabuku a Katolika, satifiketi zakale, pamenepo awaposa anzawo onse awiri. England nayo moto unaikhudza, kalembera wa 1931 anapsa ku Hayes mu 1942 pamene wa Scotland alipo poti ankasungidwa ku Edinburgh.

Kholo la ku Ireland lija ndaliimika kaye. Mwezi wamawa ndikupita ku Woodhorn ndi apongozi anga kukaona mapu a chakhumi, akufuna aone famu imene agogo awo ankatchula, ndipo mwana wanga wandiuza kuti pa mndandanda watsopano azimayi onse tiwalembe ndi mayina a kwawo, pano tapeza 7.