Cloro ndi Malume Ako

(Ku Ulónguè, ku Mozambique, madzulo. Mayi akuwerengera ndalama za kachewere, mwana wayala pepala lalikulu pamphasa.)

MAYI: Iwe, kalendala yanji masiku mpaka 118?

MWANA: Si kalendala amayi, ndi tabela periódica, ndandanda wa zinthu 118 zoyambira zimene zimapanga chilichonse. Anaiyambitsa Mendeleev wa ku Russia mu 1869. Mawa tili ndi mayeso a Química.

MAYI: Ndiye ikuti chiyani?

MWANA: Mzere woyamba wotsikawu, Sódio ndi Potássio, aliyense amapereka elekitironi imodzi, kanthu kakang'onong'ono ka mphamvu ya magetsi, n'kukhala +1. Wachiwiri, Cálcio ndi Magnésio, amapereka awiri, +2. Alumínio wa mapoto anuwa amapereka atatu, +3.

MAYI: Taima. Munthu wapereka, iwe ukumulembera plus?

MWANA: Elekitironi ndi ya minus amayi. Ikachoka, umatsala ndi plus.

MAYI: Chabwino. Nanga olandira ndani?

MWANA: Ali chakumanja uku. Cloro wa gulu 17 amatenga imodzi, −1. Oxigénio wa gulu 16 amatenga awiri, −2.

MAYI: Kutenga tsiku ndi tsiku koma m'thumba minus? Amenewo ndi malume ako. Meticais 500 anga a pa Pasaka paja, kufikira lero zii.

MWANA: Amayi, tamverani. Sódio akakumana ndi Cloro, +1 ndi −1 zimapanga ziro. Ndiwo mchere wam'ndiwowu.

MAYI: Wokongoza ndi wokongola m'mbale imodzi, ndewu osabuka. Koma azungu! Nanga awa akumapetowa?

MWANA: Gulu 18, Néon ndi Árgon. Ali okwana kale. Sapereka, salandira.

MAYI: Pamaliro sasonkha amenewo, ndikuwadziwa. Pitiriza.

MWANA: Vuto langa ndi Ferro, chitsulo. Ali pakati apa, tabela sikuuza msanga. Pena +2, pena +3. Aphunzitsi atipatsa Fe₂O₃, dzimbiri lapamalatali, akuti tipeze tokha.

MAYI: Oxigénio alimo angati?

MWANA: Atatu.

MAYI: Aliyense watenga ziwiri, ndiye zisanu ndi chimodzi zatuluka. Zitsulo zilipo ziwiri, buku liyenera kutha ziro. Zitatu zitatu. Lemba +3.

MWANA: Haa! Amayi, munaphunzira kuti Química?

MAYI: Pamsika. Ukuganiza anthu a pamalire pa Calómuè osintha kwacha aja ndimawathana nawo bwanji? Bweretsa lina.

MWANA: Manganês mu KMnO₄. K ndi Potássio, Mn ndi Manganês, O ndi Oxigénio.

MAYI: Oxigénio anayi, zisanu ndi zitatu. Potássio wabweza imodzi. Zatsala zisanu ndi ziwiri, zonse pamutu pa Manganês. Mphawi, +7 yekhayekha. Ameneyo ndine pabanja pano.

MWANA: Mawa mukandilembere ndinu basi.

MAYI: Kachewereyu ugulitsa iwe?

(Panja pakumveka njinga ikutsamiritsidwa pakhoma.)

MAWU: Odi kuno! Achemwali, mwaswera bwanji?

MAYI: (monong'ona) Iwe, tsekera nkhuku ija m'kabati, ndalamazi khalira. Cloro wafika.