Baibulo la ambuya analilipira ndi anthu amene sanatidziwe

Ambuya anga akhala nafe kuno ku Chawama mu Lusaka kuyambira pamene maso anayamba kuwavuta ku Katete. Anabwera ndi chikwama chimodzi chokha, ndipo pansi pa zitenje munali Buku Lopatulika lawo, lachikuto chakuda, lomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga chifukwa masamba a Masalimo anayamba kuthothoka kalekale. Mkati mwake muli khadi lawo la mgonero, masiku obadwa a ana awo onse, ndi tsiku limene tinaika ambuya aamuna. Lero sangathe kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi, choncho madzulo tikatha kudya amaitana mwana wanga wamkazi wa giredi 7 kuti awawerengere.

Lachiwiri lapitali anali pa Marko 10. Mwana anafika pa mawu akuti dipo, n'kuima. "Ambuya, dipo ndi kuja amagulitsa feteleza?" Ambuya sanaseke. Anamukhazika pansi n'kumuuza kuti kale munthu akagwidwa pa mlandu, abale ake ankapereka mbuzi kapena nkhuku kuti amumasule, ndipo chimene aperekacho ndiye dipo. Mwana anakhala duu, kenako anati, "Ndiye Yesu ndi amene anaperekedwa?" Ine ndinali pa mbale kukhitchini, koma manja anaima. Kuyambira usiku umenewo nkhani ya Baibulo la m'chinenero chathu sikundichoka pamtima.

Ambirife timanyamula bukuli ngati kuti linatsika kumwamba lili kale m'Chinyanja. Ayi ndithu. Mmishoni wa ku Scotland, Robert Laws, anamasulira Chipangano Chatsopano m'zaka za m'ma 1880. Kenako amishoni a ku Blantyre ndi a mpingo wa Dutch Reformed anagwirizana kuti pakhale Baibulo limodzi loti Amang'anja akumwera ndi Achewa apakati onse alimve. Amene anasenza mtolo waukulu anali William Murray, pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera ku Malawi, pamodzi ndi aphunzitsi achikuda amene ankamuuza kuti apa Mchewa sanena choncho, amanena chakuti. Mayina a aphunzitsi amenewo sitiwatchula kawirikawiri, ndipo zimenezo zimandipweteka, chifukwa kukoma kwa chinenero m'bukuli n'kwawo. Ntchitoyo inadya zaka zoposa 20, buku lonse n'kutuluka mu 1922. Ndalama zosindikizira zinachokera ku mabungwe a Baibulo a ku Scotland ndi ku London, kutanthauza zopereka za anthu wamba amene sanaponde ku Katete, sanamve n'komwe dzina la mudzi wathu.

Bukulo linayenda. Linafika ku mishoni za Magwero ndi Madzimoyo, linakwera sitima ndi anthu opita ku migodi ya ku Kopala, ku Salisbury (lero Harare) ndi ku Joni, linawoloka mpaka ku Tete. Lero mupeza agogo ku Harare akuliwerenga, zidzukulu zawo zikulankhula Chishona.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mzinda wathu uno uli ndi dzanja pa Baibulo lina, Buku Loyera la mu 1998. Akatolika ndi mipingo ina anakhalira pamodzi kulimasulira, ndipo mmodzi mwa alangizi ake anali Ernst Wendland, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa seminale ya Lutheran kuno ku Lusaka. M'menemo dzina lija timaliwerenga kuti Yehova analemba kuti Chauta. Ambuya anga sakufuna kumva zimenezo. Amati Chauta ndi wa nsembe za mvula za makolo. Ine ndimawalemekeza, sinditsutsana nawo, koma ndaona ndi maso anga kuti mwana akatenga Buku Loyera amawerenga osapunthwa, ndipo akamaliza amatha kundifotokozera nkhaniyo m'mawu akeake. Choncho ndikamva akuluakulu akukangana kuti Baibulo lenileni ndi liti, ndimalakalaka atafunsa kaye ana kuti akumva liti. Filipo uja wa pa Machitidwe 8 sanafunse mdindo wa ku Itiyopiya ngati ali ndi buku. Buku anali nalo m'manja. Anamufunsa ngati akumva zimene akuwerenga.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa. Dziko lathu la Zambia linalengezedwa kuti ndi la Chikhristu mu 1991. Pitani ku Kanyama, ku Matero, ku Mtendere Lamulungu m'mawa, makalasi a sukulu adzaza mipingo, msewu uliwonse zokuzira mawu zili pokopoko. Timasonkha ndalama za kiyibodi, za tenti ya msonkhano, za yunifomu ya kwaya, za chikondwerero cha abusa, ndipo zonsezo sindikuzinyoza, inenso ndimasonkha. Koma pa zaka zonse zimene ndakhala m'Chigwirizano cha amayi a mumpingo, sindikumbukira tsiku limene mbale inayenda kuti ithandize omasulira Baibulo. Ntchito imeneyo timaionabe ngati ya azungu. Kodi mpaka liti, abale anga?

Kumasulira si kutenga liwu la Chingerezi n'kuikapo la Chinyanja. Omasulira amayang'ana Chiheberi ndi Chigiriki, amalemba, amapita kumidzi kukawerengera anthu n'kuwafunsa zimene amva, amabwerera kukakonza, mlangizi amaunika vesi ndi vesi, mipingo nayo imaonapo. Anthu amenewa ali ndi ana a sukulu, amalipira lendi, amafuna kompyuta ndi ndalama ya basi. Zikatha apo pali kusindikiza pa pepala lopyapyala lija, kunyamula mabokosi kuchokera kudoko mpaka kuno, kenako mpaka ku Chama kapena ku Shangombo nthawi ya dzinja. Mabungwe a Baibulo amayesetsa kuti mtengo ukhale woti munthu wamba aufikire, ndipo chotsalacho amakwaniritsa ndi zopereka. Zopereka zikachepa, ntchito imaima.

Ndipo ife a Chinyanja ndife amwayi, tili ndi Mabaibulo angapo oti tisankhepo. Zambia ili ndi mitundu yoposa 70, koma pa wailesi ya boma ndi kusukulu timamva zinenero 7 zokha. Anzanga Achinsenga a ku Petauke anakula akupemphera m'Chichewa, ndipo mmodzi anandiuza kuti tsiku limene anamva Uthenga Wabwino ukuwerengedwa m'Chinsenga analira ngati wamva mawu a amayi ake. Asoli amene ndimawadziwa ku Chongwe, eni nthaka imene tamangapo nyumba zathuzi, amaimba nyimbo zathu ndi kuwerenga buku lathu. Ife tinalandira kwaulere kuchokera kutali. Kodi n'zovuta kuti tithandize aneba athu a pamtunda wa ola limodzi pa minibasi?

Wina andiuza kuti masiku ano zonse zili pa foni. N'zoona, inenso ndili ndi pulogalamu ya Baibulo ya YouVersion, ndipo ndimathokoza. Koma ambuya alibe foni yotero. M'ndende mafoni saloledwa. M'misasa ya othawa nkhondo ku Meheba ndi ku Mantapala muli abale a ku Congo ofuna buku la Chiswahili kapena Chifalansa loligwira m'manja. Wakhungu amafuna zilembo zopapasa ndi zala, ndipo Baibulo lotero si buku limodzi, ndi mulu wa mabuku odzaza shelefu. Wogontha amafuna la chinenero chamanja. Amene sanapite kusukulu amafuna lomvetsera. Ndili mwana ndinalandira kabuku kakang'ono ka Chipangano Chatsopano kusukulu, ka Chingerezi, ndipo ndimakasungabe mwaulemu, koma kunena zoona ndinayamba kukamva nditafika ku sekondale. Kugawa n'kwabwino, koma wogawa adzifunse ngati wolandirayo adzamva.

Bungwe la Baibulo la ku London lija linayamba mu 1804, ndipo amene anakhudza mtima wa oliyambitsa anali mtsikana wosauka wa ku Wales, Mary Jones, amene anasunga tindalama zaka 6 n'kuyenda pansi makilomita pafupifupi 40 kukagula Baibulo la chinenero chake. Sanali wolemera, ndipo amene anayamba kusonkha sanali mafumu okhaokha. Ife timadziwa chilimba, timadziwa kusonkha pa maliro usiku umodzi mpaka bokosi kupezeka. Luso losonkha tili nalo kale.

Lachinayi ndikaima pamaso pa amayi anzanga ku Chigwirizano kupempha kuti mwezi umodzi pa chaka chopereka chathu chizipita ku ntchito yomasulira ndi kugawa Baibulo. Loweruka ndikupita m'tauni ku Bible Society kukagula Buku Loyera awiri, limodzi la mwana wanga, lina la amayi amene timakawaona kundende. Ndinafunsa ambuya ngati ndiwagulirenso latsopano m'malo mwa lothothoka lija. Analikumbatira pachifuwa n'kunena kuti, "Ili musalikhudze, mungondipezera mphira wina."