KJT sanalimbe mtima ku Tokyo kokha ayi

Anthu akamakamba za Katarina Johnson-Thompson (KJT), katswiri wa mpikisano wa heptathlon wa ku Britain, aliyense amathamangira kavidiyo ka ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021 kaja, mtsikana wa ku Liverpool uja atagwa pa 200m katumba atavulala, anthu akubwera ndi wilitcheya iye nkukana, nkudzuka kumatsimphina mpaka pa mzere womaliza. Eya nzogwira mtima, sindikukana. Komatu pamene paja makamera ali pa iwe, thupi likadali lotentha, ambiri akhoza kudzuka.

Ine chimene chimandipatsa ulemu ndi 2022. Tangoganizani, munthu unawina golide wa dziko lonse ku Doha mu 2019 ndi mapointi 6981, rekodi ya Britain, kenako Disembala 2020 mtsempha wa kuchidendene waduka, wapangidwa opaleshoni, walimbana kuti ufike ku Olympics nkukavulalanso mwendo winawo, ndiye mu 2022 ukupita ku mpikisano wa dziko lonse ku Eugene, ku America, kukateteza ulemu wako nkukathera pa nambala 8. Nambala 8 abale! Palibe amene amasheya zimenezo. Heptathlon si masewera amodzi, ndi 7 m'masiku awiri, kudumpha, kuponya nthungo, kuthamanga, ndiye tsiku lonse anthu akukuona kuti si iwe uja ndipo iwenso ukudziwa. Ena akanangoti basi ndakwana, ndipo sitikanawanena.

Mu 2022 momwemo anayamba kuphunzitsidwa ndi Aston Moore ku Britain, ndipo anatenga golide wa Commonwealth ku Birmingham. Ku mpikisano wa dziko lonse ku Budapest mu 2023 anathamanga 800m mwa liwiro loti sanathamangepo moyo wake wonse nkutenga golide wa heptathlon atapambana Anna Hall wa ku America ndi mapointi 20 okha. Mendulo ya Olympics inadzabwera ku Paris mu 2024, siliva, paulendo wachinayi, Nafi Thiam wa ku Belgium ndi amene anamutsekereza.

China chomwe sindimagwirizana nacho ndi zoti zonsezi ndi mtima basi. Aaa ayi. Kuyambira 1997 ndalama za lotale zimathandiza othamanga a ku Britain, madokotala alipo, mafizio othandiza thupi kuchira alipo, ukavulala sukhala pakhomo nkumaganiza za lendi wekha. Ndipo ngakhale zili choncho wothamanga wina wa ku Britain, Kelly Holmes, anadzaulula kuti mu 2003, atatopa ndi kuvulala, ankadzicheka yekha ndi sizasi, chaka chimodzi asanawine magolide awiri a Olympics ku Athens pa 800m ndi 1500m. Nthawi imeneyo anthu ankangofunsa za mwendo kuti uchira liti.